Kodi Wolankhula Kawirikawiri Ndiye Mwini Nzeru?

Palibe mudzi m'dziko muno umene ulibe magulu ake. Kuli komiti ya mjigo, komiti ya sukulu, kalabu ya alimi, banki m'khonde, bungwe la amayi la kumpingo, ndi ena otero. M'gulu lililonse simulephera kupezeka munthu mmodzi kapena awiri amene mawu awo amamveka pa msonkhano uliwonse. Mfundo ikangotchulidwa, dzanja lawo lakwera kale. Mlembi akamawerenga zimene zidakambidwa pa msonkhano wapita, dzina lawo limatuluka kasanu, mwina kakhumi. Mulinso ena amene amabwera, nakhala pansi, namvetsera, nabwerera kwawo osatsegula pakamwa. Tsono tsiku la chisankho likafika, kawirikawiri mpando umagwera uja wa dzanja lokwera.

Omvera wailesi akuchidziwa bwino chinthu chimenechi. Kale, pamene moni ndi mafunso zinkayenda pa kalata, padali anthu olemba sabata ndi sabata mpaka maina awo adadziwika m'maboma onse. Lero lamya ya m'manja idalowa m'malo mwa kalata, koma khalidwe lija silidasinthe. Amene amveka kawirikawiri amayesedwa wamkulu pakati pa anzake, ndipo mlendo wolankhula koyamba amamvedwa ndi khutu limodzi.

Funso la nkhani ya lero ndi ili: kodi kuwerenga kuti munthu walankhula kangati kungasonyeze kufunika kwake pa gulu? Funsoli lingaoneke laling'ono, koma yankho lake ndilo limagamula amene asunge ndalama za gulu, amene ayang'anire madzi a mudzi, ndi amene akalankhulire anthu kwa akuluakulu a boma.

Zimene akatswiri adapeza

Choyamba chofunika kuvomereza n'chakuti anthu amawerengadi, ngakhale sachita kulemba pa pepala. Katswiri wina wa pa yunivesite ya Harvard ku America, Robert Bales, adatha zaka zambiri akuyang'ana timagulu ta anthu tikukambirana. Iye ndi omthandiza ankakhala kuseri kwa galasi, nalemba aliyense wolankhula, amene akumulankhula, ndi mtundu wa mawu ake, kaya ndi funso, ganizo, kuvomereza kapena kutsutsa. Njira yakeyi adayifotokoza m'buku limene lidatuluka mu 1950. Chimene adaona n'chakuti mawu sagawika mofanana. Pafupifupi m'gulu lililonse mumatuluka munthu mmodzi wolankhula koposa onse, ndipo gulu likamakula, mpata wa pakati pa iye ndi anzake nawonso umakula. Adaonanso kuti munthu wotereyu ndiye amene anzake amakonda kumutchula kuti ali ndi maganizo abwino, ngakhale kuti si nthawi zonse pamene amakhala wokondedwa koposa.

Mu 2020 Neil MacLaren ndi anzake a pa yunivesite ya Binghamton adafalitsa zotsatira za kafukufuku wina. Adasonkhanitsa ophunzira m'magulu 33, nawapatsa ntchito yoti achitire pamodzi, kenaka nawafunsa kuti atchule amene adawatsogolera. Adayesanso nzeru za wophunzira aliyense ndi chibadwa chake. Ataphatikiza zonse, adapeza kuti chimene chinkalosera bwino za amene atchulidwe kuti ndi mtsogoleri chidali kutalika kwa nthawi imene munthu walankhula. Adapezanso kuti amuna ankatchulidwa koposa akazi ngakhale atalankhula nthawi yofanana.

Chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa. Kuyesa kulemera kwa mfundo ndi ntchito yofuna kuganiza, pamene kukumbukira nkhope imene yaimirira kasanu sikufuna mphamvu iliyonse. Mtima wa munthu umathamangira chophweka. Motero chiwerengero chimalowa m'malo mwa nzeru popanda aliyense kuchiitana.

Maola awiri ndi mphindi ziwiri

Mbiri ya dziko la America idasunga chitsanzo chimene ana a sukulu a kumeneko amaphunzira mpaka lero. Pa masiku atatu oyamba a mwezi wa July 1863, pa nkhondo ya pachiweniweni, asilikali pafupifupi 50,000 adaphedwa, kuvulala, kugwidwa kapena kusowa pafupi ndi tauni ya Gettysburg. Pa 19 November chaka chomwecho padakonzedwa mwambo wopatula manda a asilikali. Mlendo wamkulu woti alankhule sadali pulezidenti wa dziko. Adali Edward Everett, munthu amene adakhalapo mkulu wa yunivesite ya Harvard, bwanamkubwa wa chigawo cha Massachusetts ndiponso nduna yoona za maiko akunja, wotchuka m'dziko lonse kaamba ka luso la pakamwa. Everett adalankhula maola awiri, mawu opitirira 13,000. Atakhala pansi, Pulezidenti Abraham Lincoln adaimirira nalankhula mphindi ziwiri zokha, mawu pafupifupi 270.

M'mawa mwake Everett mwini adalembera Lincoln kalata yomuyamikira, navomereza kuti akadakondwa akadafika pa phata la nkhani m'maola ake awiri monga momwe Lincoln adafikira m'mphindi ziwiri. Mawu a Lincoln adazokotedwa pa khoma la nyumba ya chikumbutso chake mu mzinda wa Washington, imene idatsegulidwa mu 1922. A Everett amawerengedwa ndi akatswiri a mbiri yakale okha.

Phunziro la nkhaniyi lisapotozedwe. Everett sadali chitsiru, ndipo anthu a tsiku limenelo adakondwa naye, pakuti adafotokoza mwatsatanetsatane m'mene nkhondo idayendera. Chimene nkhaniyi ikusonyeza n'chakuti mlembi wowerenga mawu akadaika Everett pamwamba pa Lincoln pafupifupi kamakumi asanu, ndipo sakadanama ngakhale pang'ono pa masamu ake. Kulakwa kukadakhala pa chinthu chimene wasankha kuwerenga.

Chiwerengero chikasanduka mphotho

Vuto limakula pamene anthu adziwa kuti akuwerengedwa ndi kuti ulemu kapena malipiro zidzatsata chiwerengerocho. Mu 1902 mzinda wa Hanoi ku Vietnam udali m'manja mwa Afalansa. Atsamundawo adali atakumba ngalande za pansi pa nthaka zotayira zonyansa, ndipo ngalandezo zidasanduka mudzi wa makoswe. Poopa mliri woopsa umene umafala ndi nthata za makoswe, akuluakulu adalengeza kuti adzalipira aliyense wopha khoswe. Pofuna kupeputsa ntchito yowerenga, adati umboni wake ukhale mchira wokha. Michira idayamba kufika yochuluka zedi, ndipo mabuku a boma adaoneka bwino. Posakhalitsa anthu adayamba kuona makoswe opanda michira akuthamanga mu mzinda. Ogwira makoswe ankadula mchira, nalisiya khoswe kuti likaswane. Kunja kwa mzinda kudapezekanso anthu amene adayamba kuweta makoswe monga momwe ena amawetera nkhuku. Boma lidafuna kuchepetsa makoswe, koma lidalipira michira, ndipo lidalandira chimene lidalipira.

Katswiri wa za chuma wa ku Britain, Charles Goodhart, amene adali mlangizi ku banki yaikulu ya dzikolo, adalemba za khalidwe limeneli mu 1975, ndipo mfundo yake imadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Mwachidule imati muyeso uliwonse ukangosandutsidwa cholinga choti anthu azichithamangira, umaleka kuyesa molondola chinthu chimene unkayesa.

Mawu a pa msonkhano nawonso ali ndi michira yake. Mu 2004 gulu lina la anthu odzipereka ku Britain lidayamba kuwerenga kuti phungu aliyense wa Nyumba ya Malamulo walankhula kangati ndipo wafunsa mafunso angati, nkumaonetsa amene ali pamwamba ndi amene ali pansi. Cholinga chidali chabwino, choti ovota adziwe ngati phungu wawo akugwira ntchito. Koma mu 2006 nyuzipepala ya The Times idalemba kuti aphungu ena adayamba kudzukira timawu tating'ono topanda phindu ndi kutumiza mafunso ambirimbiri pofuna kungokweza chiwerengero chawo. Owerengawo adakakamizika kusintha kaonetsedwe ka ziwerengerozo ndi kuchenjeza anthu kuti ntchito ya phungu siyesedwa ndi kudzuka kwake kokha.

Ngakhale pakati pa anthu ophunzira kwambiri matendawa alipo. M'mayunivesite ambiri a pa dziko lapansi mphunzitsi amakwezedwa poyang'ana kuchuluka kwa zimene wafalitsa m'magazini a akatswiri. Mu 2012 bungwe la madokotala a ku Japan oona za mankhwala ogonetsa odwala pa opaleshoni lidafufuza zolemba 212 za dokotala wina, Yoshitaka Fujii. Lidapeza kuti 172 mwa zolembazo zidali ndi zotsatira zopeka. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri dzina lake lidakula chifukwa cha chiwerengero, pamene nkhani zimene ankapekazo zidali zokhudza mankhwala opatsidwa kwa odwala enieni.

Mbali inayo kuli Peter Higgs wa pa yunivesite ya Edinburgh. Mu 1964 iye adalemba kalata ya sayansi yosakwana masamba awiri, yolosera kuti m'chilengedwe muli kanthu kena kakang'ono koposa kamene padalibe adakaonapo. Kanthuko kadapezeka mu 2012 pa malo a kafukufuku a CERN pafupi ndi Geneva, ndipo mu 2013 Higgs adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi François Englert wa ku Belgium. Chichokereni 1964, zolemba zake zonse za kafukufuku zidali zowerengeka. Chaka chimene adalandira mphothoyo adauza nyuzipepala ya The Guardian kuti pa miyeso ya masiku ano sakadalembedwa ntchito pa yunivesite, popeza akadayesedwa wosabala zipatso zokwanira. Adamwalira mu 2024 ali ndi zaka 94. Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe.

Koma chete si nzeru

Pofika apa womvera wina angaganize kuti nkhaniyi ikuyamikira kukhala duu. Ayi ndithu. Makolo omwe aja adanenanso kuti chetechete sautsa nyama, ndiponso kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Munthu amene ali ndi mfundo yabwino nabwerera nayo kunyumba sadathandize gulu, ndipo alibe chifukwa chodandaulira pambuyo pake kuti anzake adasankha molakwa. Pali anthu ena amene amakhala chete pa bwalo koma pakamwa pawo nkutseguka pa chitsime kapena pa mowa. Chete wotere ndi woononga kuposa phokoso.

Ndi bwinonso kuwachitira chilungamo olankhula kawirikawiri. Ambiri mwa iwo ndi anthu amene amalikonda gulu lawo. Sajomba msonkhano, amakumbukira zimene zidagwirizanidwa chaka chatha, ndipo pamene aliyense akuopa kuyamba, iwo ndiwo amatsegula njira. Gulu lopanda anthu otere limafa msanga. Choncho chiwerengero chili ndi kanthu kamene chimanena. Chimanena kuti munthuyu amabwera, ali ndi chidwi, ndipo saopa. Chimene sichinganene n'chakuti mfundo yake ya lero ndi yolondola. Mlendo amene walowa m'gulu mwezi watha angakhale ndi yankho limene mkhalakale alibe.

Zoyenera kuwerenga ndi zosayenera

Magulu ena adaphunzira kale kusiyanitsa zinthu ziwirizi. Mu 1844 anthu 28 a m'tauni ya Rochdale ku England, ambiri mwa iwo oomba nsalu, adatsegula kasitolo kawokawo kogulitsa ufa, shuga ndi batala. Malamulo amene adakhazikitsa ndiwo adasanduka maziko a makopaletivi a pa dziko lonse. Pa nkhani ya phindu adawerenga mosamala: wogula zambiri m'sitolomo ankalandira gawo lalikulu. Koma pa nkhani yogamula zochita adati membala aliyense akhale ndi voti imodzi, wolemera ndi wosauka yemwe.

Banki m'khonde imayenda pa mfundo yomweyo. Njira imeneyi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Pa msonkhano uliwonse membala amagula masheya, kuyambira imodzi kulekeza asanu, ndipo sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku kake anthu onse akuona. Ngongole imene angatenge siyenera kupitirira katatu ndalama zimene wasunga, ndipo pa tsiku logawana aliyense amalandira molingana ndi zidindo zake. Pamenepa chiwerengero ndi mfumu, ndipo n'koyenera kutero, pakuti kwacha imodzi ndi yofanana ndi kwacha inzake. Koma posankha atsogoleri kapena posintha malamulo, mayi wa sheya imodzi ali ndi mphamvu yofanana ndi mayi wa masheya asanu.

Kusiyana kwagona apa. Zinthu zofanana zimawerengeka: makwacha, matumba a chimanga, njerwa zoumbidwa, masiku amene munthu wabwera ku ntchito ya chitukuko. Mawu safanana. Wina angadzuke kakhumi kubwereza zimene anzake anena kale, wina nadzuka kamodzi kunena kuti mlatho umene gulu likufuna kumanga uli pa malo amene madzi amakokolola chaka ndi chaka. Kuphatikiza mawu awiriwa pa mzere umodzi kuli ngati kuwerenga mbuzi ndi nkhuku pamodzi nkumati ziweto khumi ndi chimodzi.

Gulu lanzeru ndi lotani?

Mu 2010 Anita Woolley wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ndi anzake adafalitsa m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku amene adachita pa anthu 699. Anthuwo adagawidwa m'timagulu ta awiri kufikira asanu, napatsidwa ntchito zosiyanasiyana zofuna kuganiza, kukonza dongosolo ndi kugwirizana. Timagulu tina tidachita bwino pa ntchito pafupifupi zonse, tina ayi. Chodabwitsa chidali chakuti kukhala ndi munthu mmodzi wanzeru zakuya m'gulu sikudathandize kwenikweni. Timagulu topambana tidali tija timene anthu ake ankalandirana mawu mofanana, ndiponso timene anthu ake adali ndi luso lozindikira za mumtima mwa anzawo. Timagulu timene munthu mmodzi kapena awiri adatenga nthawi yonse tidatsalira. Timagulu tokhala ndi akazi ambiri tidachitanso bwino, makamaka chifukwa akazi adapambana pa luso lozindikira anzawo lija.

Zotsatira ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimapereka chenjezo. Kafukufuku wa ku Binghamton akuti gulu limakonda kupatsa mpando wolankhulitsa. Wa Woolley akuti gulu lolamulidwa ndi pakamwa pamodzi silichita bwino. Ndiye kuti chizolowezi cha anthu chimawakokera ku chinthu chimene chimawabweza m'mbuyo, pokhapokha atachiikira malire mwadala.

Anthu akale ankadziwa kuika malire otere. Mu mzinda wa Athens ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, wolankhula m'bwalo la milandu ankayesedwa ndi mphika wa madzi woboola kunsi. Madzi akatha, mawu ake athanso, ndipo wodandaula ndi woyankha ankapatsidwa madzi ofanana. Mphika wina wotere umene udafukulidwa mu mzindawo umatha m'mphindi pafupifupi 6. Bwalo la kumudzi kuno lili ndi dongosolo lakelake. Wodandaula amayala nkhani yake, woyankha nayankha, mboni zilankhula, nduna zifunsa ndi kuunika, ndipo mfumu imadikira mpaka pomaliza. Ikadayamba ndi mfumu, ndani akadalimba mtima kunena zosiyana? Pa bwalo lotere munthu wamkulu koposa ndiye amalankhula mochepa koposa, ndipo palibe amene amamuyesa wopanda ntchito.

Zimene gulu lingachite

Wapampando ali ndi udindo waukulu pa nkhani imeneyi. Asapereke mwayi wachiwiri kwa munthu amene walankhula kale pa mfundo pamene ena sadalankhulepo n'kamodzi komwe. Azifunsa ndi dzina, mwaulemu, anthu amene ntchito yawo ikukhudzana ndi nkhani imene ili pa bwalo. Ganizo lake azilisunga mpaka ena atatha. Pamene amayi kapena achinyamata akuchita manyazi pamaso pa akuluakulu, ndi bwino kuwalola kuti ayambe akambirana paokha, kenaka mmodzi abweretse zimene agwirizana.

Mlembi naye asadzaze buku ndi maina a olankhula. Alembe zimene zagwirizanidwa, amene walonjeza kuzichita, ndi tsiku lake. Pa msonkhano wotsatira buku lotere limafunsa funso labwino koposa, lakuti kodi zidachitika? Tsiku la chisankho likafika, mamembala akhale ndi poyang'ana: ndani adalonjeza nachita, ndani adabweza ngongole pa nthawi yake, ndi mfundo ya yani imene gulu lidatsata nkupindula nayo.

Ndipo wolankhula kawirikawiri angadziyese yekha asanakweze dzanja. Kodi chimene akufuna kunena chanenedwa kale? Kodi pali wina pa bwalo pano amene akuidziwa nkhaniyi koposa iye? Nthawi zina thandizo lalikulu limene munthu womveka angapereke ndilo kugwiritsa ntchito mpata wake kuitana mnzake wosamveka kuti alankhule.

Pa komiti ya mjigo zonsezi zimaoneka poyera. Amene amayamba kudziwa kuti mjigo wadwala si wapampando kapena mlembi. Ndi mayi amene amafika pamenepo m'bandakucha tsiku ndi tsiku. Iye ndiye amamva kuti chogwirira chayamba kugwedera, ndiye amaona kuti ndowa imene inkadzaza msanga tsopano ikufuna kupopa nthawi yaitali. Zizindikiro zimenezi zimasonyeza kuti timphira ndi tizipangizo tina ta mkati tatha, ndipo kutisintha msanga kumadya ndalama zochepa. Zikanyalanyazidwa, zitsulo zimayamba kudyana, mjigo nuima, ndipo mudzi umabwerera ku madzi a kudambo kumene matenda otsegula m'mimba ndi kolera amadikira ana. Mayi ameneyu mwina chaka chonse sadalankhulepo pa msonkhano. M'buku la mlembi dzina lake lili pa mndandanda wa obwera pokha. Komiti imene imayesa mamembala ake ndi kuchuluka kwa mawu sidzamufunsa kanthu, ndipo idzamva za vutolo tsiku limene madzi adzaleke kutuluka.